Meya wa Tauni Yomira

"Ichi ayi," anatero Dona Benvinda, n'kuponda ngodya ya chithunzicho ndi chala cha kuphazi.

Mwana wawo Horácio anali atagwada pamphasa pakhonde, zithunzi za malemu bambo ake zili mbwee. Ankaziika m'milu: za padoko pazokha, za misewu pazokha, za azungu ovala zoyera atakhala m'maambulera pazokhanso. Kumeta kunali kutachitika dzulo lake, ndipo amayi omaliza amene ankagona pamaliro anali atapinda mphasa zawo m'mawa womwewo n'kupita kukaona mpunga wawo kudimba. Nyumba inangoti zii. Dona Benvinda ankamva mphepo ikulowa pansi pa duku, pamutu pamene panalibenso tsitsi.

"Amayi, munthu wa hotela uja akufuna zonse pamodzi," anatero Horácio osadzutsa mutu. "Akuti akaziika m'magalasi ku Quelimane, pakhoma pouma. Kuno zikungodyedwa ndi mchere."

"Atenge. Atenge ndi bokosi lomwe, ndi mphemvu zake. Koma ichi ayi."

Horácio anachisolola pansi pa phazi la mayi ake n'kuchipukutira pamalaya. Sichinali chokongola n'komwe. Munali msewu wamchenga, mpanda woyera wa manda akale, kuseri kwake nsanja ya tchalitchi, ndipo chapatali thanki ya madzi itaima pa miyendo yachitsulo. Pakati pa msewu pankadutsa munthu wosenza dengu, koma poti sanaime pomujambula, anangotuluka ngati utsi.

Kuno ku Chinde zinthu sizigwa ndi ukalamba ngati kwina. Zimapita ndi madzi. Mtsinje umaluma mbali ino, nyanja n'kuluma mbali inayo, ndipo sizikhuta. Tauni yonse imene inali pamphasapo, mpanda wa Angerezi ndi mbendera yawo, nyumba ya kasitomu yolipirira msonkho wa katundu, doko pamene sitima za magudumu zinkanyamukira kupita ku Chiromo, malo pamene amuna athu ankalowa m'madzi mpaka m'chiuno kukabereka azungu kuti nsapato zawo zisanyowe, zonsezo lero ndi kwawo kwa nkhanu. Mwana wobadwa dzana ukamuonetsa zithunzizo amakufunsa kuti kumeneko ndi dziko liti.

A Cipriano, malemuwo, ankasesa mu ofesi ya za sitima pamene Apwitikizi ankachoka. Anachoka mothamanga, atanyamula masipuni ndi agalu awo, n'kusiya makoma ali ndi zithunzi. Anthu anathamangira mipando, mabedi, makina osokera. A Cipriano anayenda nyumba ndi nyumba akutsitsa mapepala. Dona Benvinda, amene anali angokwatiwa kumene, anawalandira pakhomo manja ali m'chiuno. "Anzanu abwera ndi mabedi, inu mwabwera ndi nkhope za anthu amene ankakutukwanani." A Cipriano anangoseka. Anali munthu wotero, ukamulalatira ankaseka ngati wamupatsa nthochi.

Koma mapepala aja ndi amene anadzawapatsa dzina. Nkhondo itatha kunayamba kubwera alendo: zidzukulu za Apwitikizi, Amwenye a ku Beira, ndi ana a konkuno amene anakulira kwina. Aliyense ankafuna kuona pamene panali nyumba ya agogo ake. A Cipriano ankafufuza m'bokosi, n'kupeza chithunzi cha msewuwo, n'kumukweza mlendoyo m'bwato. Ankapita naye pakati pa madzi, n'kuimitsa bwato. "Khonde la agogo anu lili pansi pathu pano." Anthu akuluakulu, a mawotchi okwera mtengo, ankalira ngati ana. Anzawo a pamalo omwera uchema anawapatsa udindo: meya wa tauni yomira. Iwo anaulandira ndi manja awiri.

"Ichi ndi cha Odete," anatero Dona Benvinda.

"Ndikudziwa, amayi."

"Ukudziwa chiyani iwe?"

Odete anali mwana wawo woyamba. Anamwalira ndi chikuku atangoyamba kuyenda, n'kuikidwa kuseri kwa mpanda woyera uja. Chaka cha madzi ambiri chija, Dona Benvinda anali kuchipatala ku Quelimane, ali ndi pakati povuta pa Horácio. Anabwerako ndi mwana wamoyo kumsana n'kupeza manda onse atapita. Sanathe ngakhale kutola mwala umodzi. Anakhala miyezi osalankhula, akuyamwitsa mwana maso ali kumadzi, mpaka tsiku lina a Cipriano anatenga chithunzi chija n'kunena kuti, "Tiyeni, ndikakusonyezeni pamene ali." Kuyambira pamenepo, chaka ndi chaka, mpunga ukakololedwa, ankapita ndi ufa watsopano kukathira pamadzi n'kumuuza mwanayo nkhani za pakhomo.

Tsono munthu yekhayo wodziwa malowo anali atagona kumanda atsopano, kumtunda uko kumene madzi sanafike. Izi ndi zimene zinkawadya Dona Benvinda kuposa maliro enieniwo, ngakhale sakanazinena pagulu. Mwamuna anamuika, ankadziwa pamene ali. Koma mwana ankaoneka kuti watayika kachiwiri.

"Boti la ku Quelimane likunyamuka mawa masana," anatero Horácio. "Tchuthi changa chatha, amayi. Kuntchito andiimbira kale. Chipinda chanu ku Beira takonza."

"Sindikwera boti lililonse ndisanamuuze mchemwali wako kuti bambo ake amwalira. Akumva kwa ndani? Kwa nsomba?"

"Mungathe kumuuza muli pagombe. Madzi ndi amodzimodzi."

"Ukamafuna kulankhula ndi mkazi wako umaima pamsewu n'kumakuwa, poti tauni ndi imodzimodzi?"

Pa nthawi yomweyo panamveka kutsokomola kumpanda, ndipo analowa a Gaspar, mng'ono wa malemu, atanyamula nsomba zomangidwa pa luzi. Ndi iwo amene ankapalasa bwato zaka zonsezo, mkulu wawo atagwira zithunzi.

"Alamu, vulani dukulo tione. Akuti mutu ukuwala ngati kokonati yosenda."

"Wanu unameteka wokha kalekale, osadikira maliro."

A Gaspar anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera panjira ataona bokosi lili pululu. Anaika nsomba pansi n'kukhala pa sitepe.

"Ndiye mwagulitsadi?"

"Bambo aang'ono, muzisunga ndinu?" anafunsa Horácio. "Denga lanu limadontha kuposa ili."

"Sindikunena zithunzi zokha. Nyumba ya achimwene itsekedwe mkazi wawo ali moyo? Anthu ati chiyani? Ati Gaspar walephera kusamala mlamu wake. Nsomba ndingamabweretse, nkhuni ana anga angamatole."

"Madzi afika kale pa mtengo wa mango uwo. Mvula ikubwerayi akhala pakhonde pano. Muzidzawabweretsera nsomba kapena nsomba zizidzabwera zokha?"

"Iwe, pakamwa pamenepo unapatenga kwa mayi ako."

"Mundisiye ine," anatero Dona Benvinda. "Mukundikangana ngati ndine mbuzi ya chuma chamasiye. Alamu, mawa m'mawa madzi akadzala mundiperekeze kwa Odete. Zokhala kapena kupita tidzakamba ndikabwerako."

A Gaspar anayang'ana nsomba zawo ngati zawafunsa funso.

"Ine ndinkangopalasa, alamu. Maso anali a achimwene."

"Zaka zonsezi manja anu sanaloweze njira?"

"Manja saloweza pamadzi. Madzi alibe mapazi a dzulo."

"Ndiye Horácio agwira chithunzi. Anapita kusukulu, amawerenga mapepala a sitima zazikulu padoko la Beira. Kapepala aka kangamukanike?"

Horácio anachiyang'ananso chithunzicho. Ali mwana anawapempha bambo ake kambirimbiri kuti amuphunzitse ntchitoyo, koma iwo ankangomuuza kuti akule kaye. Anakula, n'kupita, osaphunzitsidwa. Chinthucho chinkamupwetekabe, ndipo mayi ake anachiona pa nsagwada zake.

"Ndiyesa," anatero. "Koma boti la masana tikwera."

A Gaspar ananyamuka osatsanzika bwinobwino. Anaiwala ngakhale kufunsa ngati m'nyumba munatsala uchema wa pamaliro, chinthu chimene sanaiwalepo chibadwire.

Masana amenewo Horácio anapita kukalipira malo m'boti, ndipo Dona Benvinda anatsala okha. Anaviika mpunga, n'kuutsanulira mumtondo. Azimayi a pafupi akanabwera kudzathandiza akanaitanidwa, koma ufa wa Odete sunasinjidwepo ndi dzanja la munthu wina. Munsi unali wolemera kuposa chaka chatha. Ankasinja pang'ono n'kupuma, kusinja n'kupuma, ndipo akapuma sipankamveka kanthu pabwalo ponse.

Ndi kachetechete ameneyu amene ankawasowetsa mtendere. A Cipriano anali munthu wolongolola. Tsiku la dzuwa ankayanika zithunzi zawo pakhonde, kachimwala pa ngodya iliyonse, n'kumazilankhula ngati anansi. "Mwadzuka bwanji a kasitomu? Inu akapitawo, mimba imeneyo siinaphwebe?" Amuna onyamula matumba a shuga, amene palibe anawalemba maina, iwo anawapatsa maina awoawo, ndipo ankawafunsa za misana yawo. Dona Benvinda ankatsonya ali kukhitchini n'kumati munthuyu mutu unazungulira. Lero akanapereka chilichonse kuti amvenso zopusazo.

Atasefa ufa anasamba m'manja n'kukatenga chithunzi chija. Anakhala nacho pakhomo, pamene panali kuwala, n'kuchiyandikiza kumaso. Anazindikira kuti sanachiyang'anepo bwinobwino chiyambire. Njira ankasunga ndi mwamuna, iwo ankasunga ufa. Anayendetsa chala pampanda woyerawo mpaka pa ngodya ya kumanzere, pamene ankakumbukira kuti panali kamtanda kamatabwa, koma chithunzicho chinajambulidwa kunja kwa mpanda, ndiponso Odete asanabadwe, iwo omwe asanabadwe. Munalibe mwana wawo mmenemo. Anasungulumwa kwambiri, kusungulumwa kumene sanakumve ngakhale pa tsiku loika maliro, anthu ali piringupiringu. Anamanga ufa pa kansalu koyera n'kukhala ataufumbata mpaka Horácio anabwera.

M'mawa mwake madzi anadzala dzuwa litakwera pang'ono. A Gaspar anali atakankhira kale bwato m'madzi, ndipo sanatchule za mutu wa munthu aliyense. Dona Benvinda anakwinya chitenje n'kukwera, n'kupita kukakhala kutsogolo atatembenukira kumbuyo.

"Amayi, mwakhala chambuyo," anatero Horácio.

"Ndi mmene ankatikhazikira bambo ako, alendo ndi ine ndemwe. Ankati kumtunda n'kwawo kuyang'ana, ife tiziyang'ana iwo. Iwe khala pakatipo."

Anadutsa mizu ya mitengo ya m'matope, anadutsa chitsulo cha sitima yakale chimene chimatuluka ngati nthiti, n'kufika poyera. Kumeneko a Gaspar anatembenuza bwato kuti mphuno yake iloze kumtunda, monga ankachitira nthawi zonse. Madzi anali odera, a mtsinje ndi a nyanja atasakanikirana, ndipo mphepo inali yochepa. Horácio anatulutsa chithunzi m'pepala lapulasitiki n'kuchinyamula.

Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana kumtunda. Anawauza a Gaspar kuti apite kumanja. Kenako anati abwerere. Anachitembenuza kuona ngati kumbuyo kunalembedwa kanthu, koma kunali banga la chinyezi basi. Anatulutsa foni, n'kuibwezanso m'thumba. Dona Benvinda ankamuyang'ana, ufa uli pamiyendo. Dzuwa linakwera. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa Horácio.

"Nsanja ya tchalitchi iyi ili kuti?" anafunsa.

"Inapita limodzi ndi manda," anayankha a Gaspar.

"Thanki?"

"Inagwa iwe uli kusukulu ya pulayimale."

"Mitengo iyo kumtundako?"

"Inadzalidwa nkhondo itatha."

Horácio anatsitsa chithunzi n'kuchiika pabondo. Analankhula motsitsa mawu, koma mkwiyo unkamveka.

"Amayi, mulibe kanthu umu. Chilichonse chili m'chithunzi ichi chili pansi pa madzi. Kumtunda kulibe ngakhale chimodzi choti munthu n'kulinganiza nacho. Palibe angapeze malo ndi pepala ili. Ine sindingathe, ndipo bambo sakanatha."

"Usanyoze bambo ako, thupi lawo lisanazizire."

"Sindikunyoza. Bambo aang'ono, ankachita bwanji? Nenani."

A Gaspar anali atagoneka nkhafi pamiyendo, madzi akudontha kunsonga kwake. Anayang'ana kumbali, kumene mbalame yoyera inkasaka nsomba.

"Alamu," anatero Dona Benvinda, "ndikumva."

"Zaka zoyamba ankadziwadi," anatero a Gaspar pamapeto pake. "Thanki ija ilipo, ankailinganiza ndi denga la sitolo ya Mmwenye, ndipo tinkaima pamalo enieni. Zimenezo ndingalumbire. Chaka chimene thanki inagwa anabwera kwathu nkhope itagwa. Anati, Gaspar, ndamutaya mwana. Ndinati kawauzeni alamu. Anati, unawaona mmene analili chaka chija, osadya, osalankhula? Kawauze ndiwe. Ine ndinakana. Ndiye mpunga utakololedwa tinabwera ngati kale."

"N'kuima pati?"

"Chaka chilichonse penapake."

Bwato linagwedezeka pang'ono. Palibe anali atasuntha.

"Ndinawafunsa kuti nanga mumadziwa bwanji poimira. Anati chithunzi n'chopatsa manja ntchito, maso amakhala pa munthu. Munthu akamafuna wake amayamba ndi kucheukacheuka, khosi lili gwa. Ukayenda naye pang'onopang'ono osamulankhula, imafika nthawi amasiya kufufuza, mapewa n'kutsika. Anati pamenepo ndiye kuti wafika, iwe n'kungomuuza. N'chifukwa chake ankakukhazikani chotero, alamu. Sankayang'ana kumtunda."

Dona Benvinda anakumbukira maso aja, akusuzumira pamwamba pa chithunzi, ofiira ndi dzuwa. Zaka zonsezo ankaganiza kuti akudutsa pa phewa lawo kupita kumitengo. Manyazi anawagwira, kenako mkwiyo, woopsa, wa mtundu umene umafuna munthu wamoyo woti umugwire pakhosi.

"Ndiye ndakhala ndikudyetsa nkhanu," anatero. "Ndimasinja ufa ndi manja angawa, ndimauza madzi kuti Horácio wakhoza mayeso, Horácio wakwatira, ndakalamba, mano agweruka. Inu awiri muli phee kumbuyoko. Munkaseka mukafika komwera uchema?"

"Sitinasekepo, alamu."

"Munthu ndagona naye mphasa imodzi moyo wanga wonse. Wapita osandiuza."

"Ankati adzakuuzani mukadzalimba."

"Ndinalimba liti ine? Tembenuzani bwato. Tiyeni kumtunda. Horácio, boti lako lija tikwera, ndipo chithunzicho umupatse munthu wa hotelayo, akachipachike kuchimbudzi."

Sanalire. Anangokhala ataumitsa msana, kansalu ka ufa atakafinya m'manja, ndipo anamva kuti padziko lonse lapansi panalibe malo amodzi oti angaloze n'kunena kuti mwana wanga ali apa. A Gaspar anaviika nkhafi m'madzi n'kuyamba kukhotetsa.

"Dikirani, bambo aang'ono," anatero Horácio.

Anali akuyang'ana chithunzi chili pabondo pake. Anachipukuta ndi chikhatho, pang'onopang'ono, ngakhale panalibe chopukuta. Kenako anachigwira ndi manja awiri n'kuchikweza patsogolo pa nkhope yake, mpaka chinabisa pakamwa ndi mphuno.

"Palasani pang'onopang'ono. Chakumanzere."

"Usandinamize, iwe," anatero mayi ake. "Ndamva zonse. Sindine mlendo wa ku Lisboa."

A Gaspar anayang'ana msana wa mwana wa mkulu wawo kwa kanthawi, n'kuyamba kupalasa, mofewa, nkhafi osaitulutsa kwenikweni m'madzi.

Dona Benvinda anatsimikiza mumtima kuti sawapatsa chimene akufuna. Anakweza mapewa. Anayang'ana kumanja, kumene nyanja inkachita thovu pamchenga wobisika. Anayang'ana kumanzere, kumene asodzi awiri ankakoka ukonde. Anawerenga zigamba za pa malaya a a Gaspar. Bwato linkangoyenda, ndipo palibe ankalankhula. Dzuwa linawotcha duku mpaka pakhungu lometedwa.

Anayang'ana m'madzi. Munalibe choona, matope okhaokha ndi katsamba koyandama. Pansi pake penapake panali msewu wamchenga umene anayendapo tsiku lija, atagwiridwa mikono ndi azimayi awiri, kabokosi kali patsogolo pa phewa la mwamuna wawo. A Cipriano anakana kuti wina awalandire, msewu wonsewo. Anakumbukira kuti Odete ankaopa nkhuku, koma osaopa madzi. Ukamusambitsa m'beseni ankamenya madzi ndi manja onse awiri mpaka iwe wosambitsa n'kunyowa kuposa iye, ndipo ukamutulutsa ndi pamene ankalira. Anali ataiwala zimenezo. Anakumbukira kulemera kwake akagona kumsana, kamutu kotentha pakati pa mapewa, mpweya wake ukulowa m'bulauzi.

Sanadziwe kuti zala zawo zamasuka pa kansalu kaja.

"Pano, amayi," anatero Horácio.

Nkhafi inaima. Dona Benvinda anadzutsa mutu. Pamwamba pa chithunzi panali maso awiri, ndipo sankayang'ana mitengo. Dona Benvinda ankadziwa bwino lomwe kuti Horácio sakudziwa kanthu, kuti malowa mwina anali msika, kapena bwalo la mpira la azungu, kapena tchire chabe. Anafuna kumuuza zimenezo. Koma mawuwo sanabwere, ndipo mumtima munali mutakhala pansi ngati mmene munkakhalira chaka chilichonse.

Anamasula mfundo ndi mano. Anaweramira m'mbali mwa bwato n'kutapa ufa.

"Odete, ndine mayi ako," anatero ndi mawu a tsiku ndi tsiku, ngati akulankhula ndi munthu ali kuseri kwa chitseko. "Ndabwera nthawi isanakwane chifukwa kuli nkhani. Bambo ako anyamuka, akubwera kumeneko. Uwalandire. Uwazindikira, ndi aatali, olongolola, ndipo adzakuuza kuti akudziwa msewu uliwonse wa kumeneko. Usamakhulupirire zonse. Koma uziwatsata, sadzakusiya wekha."

Ufa unagwa pamadzi n'kuyala choyera, n'kuyamba kumira pang'onopang'ono. Anatapanso.

"Ine ndikupita ku Beira ndi mlongo wako uyu. Sunamuonepo, ndi uyu wakhala apayu. Sindikudziwa ngati ndidzabwerenso. Kumenekonso akuti kuli nyanja."

Anathira wotsalawo, n'kukutumula kansalu, n'kukatsuka m'madzi momwemo. A Gaspar anali atavula chipewa. Dona Benvinda anafinya kansaluko n'kuwongoka kuti amuuze Horácio kuti basi, atha, angathe kubwerera.

Horácio anali asanatsitse chithunzi. Anali atachikweza kwambiri, mpaka chinabisa ndi maso omwe, ndipo kadontho kanatsika pachibwano pake. A Cipriano nawonso ankatero. Ufa ukayamba kugwa ankakweza chithunzi mpaka pachipumi n'kukhala choncho mpaka mkazi wawo atamaliza, ndipo akafunsidwa ankati akugwira malo kuti bwato lisatengeke. Pobwerera ankadandaula kuti dzuwa la pamadzi limawawa m'maso.

Dona Benvinda anapinda kansalu konyowako n'kukaika pamiyendo. A Gaspar anagwira nkhafi, koma iwo anawakwezera dzanja kuti adikire kaye.